Majete Yadzalanso Nyama: Nanga Midzi ya Kunja kwa Mpanda Idyapo Chiyani?

M'mwezi wa Malichi chaka cha 2003 Boma la Malawi linachita chinthu chimene chinali chisanachitikepo m'dziko muno. Linapereka nkhalango ya Majete, ya m'boma la Chikwawa, m'manja mwa bungwe la African Parks kuti liyiyendetse kwa zaka 25, mogwirizana ndi nthambi ya Boma yoyang'anira nyama zakutchire. Zaka za pangano loyambalo zikwana m'chaka cha 2028. Tsono nthawi yafika yakuti antchito a Boma, mafumu ndi aphunzitsi akhale pansi ndi kuwerenga bwino zimene zapindulika, pakuti amalonda ofuna kumanga malo ogona alendo pafupi ndi nkhalango zathu akuchulukirachulukira, ndipo zimene zaphunziridwa ku Majete ndizo zidzatsogolera mapangano a mawa ku malo ena.

Nkhalango ya Majete, imene kukula kwake ndi mahekitala pafupifupi 70,000, inalengezedwa kukhala malo osungirako nyama m'chaka cha 1955, nthawi ya Boma la atsamunda. Ufulu utabwera malire ake anafutukulidwa mpaka kufika pa mathithi a Kapichira, pa mtsinje wa Shire. Koma lamulo lolembedwa papepala silitchinga chipolopolo. Alonda a nyama, amene anthu akumudzi amawatcha agemu, anali ochepa ndi osowa zipangizo, ndipo alenje a mfuti za gogodera, otchera makhwekhwe a waya, ocheka matabwa ndi ootcha makala analowamo monga m'munda wopanda mwini. Zipembere ndi mikango zinatha. Njovu, zimene kale zinali mazana, zinaphedwa chifukwa cha minyanga yake kufikira yotsiriza inagwa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990. Pofika 2003 mlendo analibe chifukwa chotsikira zitunda za Thabwa kudzaona mitengo yokhayokha.

Pangano la 2003 silinagulitse nkhalangoyo, monga ena amanenera posadziwa. Nthaka ndi nyama ndi za mtundu wa Amalawi, ndipo lamulo logwira ntchito m'menemo ndi lamulo la dziko lino. Chimene bungwe lija linalandira ndi udindo woyendetsa ntchito ya tsiku ndi tsiku: kufuna ndalama, kulemba ndi kuphunzitsa antchito, kulambula misewu ndi kubwezeretsa nyama. Zipembere zinabwera m'chaka cha 2003 chomwecho, njovu zinayamba kufika mu 2006, anyalugwe mu 2011, mikango mu 2012, akadyamsonga mu 2018, ndipo mimbulu mu 2021. Pamodzi ndi njati, mbidzi, mphalapala, ntchefu ndi zina, nyama zimene zinatengedwa kwina pa magalimoto ndi pa ndege zinaposa 2,000, ndipo zaswana kwambiri. Bungwelo limanena kuti chibwerereni zipembere ndi njovu, palibe ndi imodzi yomwe imene yaphedwa ndi alenje ozembera.

Nyama zitabwera, amalonda nawo anatsatira. Msasa wa Thawale unayamba kulandira alendo, ndipo mu 2011 kampani ya Robin Pope Safaris inatsegula malo ogona a Mkulumadzi, pafupi ndi pamene mtsinje wa dzina lomwelo umathira mu Shire. Boma litaona zipatso zake linaperekanso Liwonde ndi Nkhotakota kwa bungwe lomwelo mu 2015, ndi nkhalango ya Mangochi mu 2018. Pamene njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwira ku Nkhotakota m'zaka za 2016 ndi 2017, zina mwa izo zinachokera ku Majete, kumene zaka 15 m'mbuyomo kunalibe ngakhale phazi la njovu. Pa mbali imeneyi nzeru ya Boma yaonekera poyera, ndipo palibe chifukwa chotalikitsira mawu.

MPANDA ULI NDI NKHOPE ZIWIRI

Chimene chinatheketsa zonsezi ndi mpanda wa magetsi umene unazinga nkhalango yonse. Kwa mlimi wa kwa Chapananga kapena kwa Kasisi mpandawo ndi bwenzi, popeza njovu imodzi ikhoza kumaliza munda wa mapira usiku umodzi, banja n'kugona ndi njala chaka chathunthu. Koma mpanda womwewo unatsekanso njira imene mayi ankapita nayo kukatola nkhuni, kukamweta udzu ndi kukakumba mankhwala, ndiponso imene bambo ankapezera ndiwo. Zinthu zimenezi sizinkalembedwa m'mabuku a msonkho, komabe zinali chuma cha pakhomo. Munthu wolandidwa chuma chotere amayembekeza china cholowa m'malo mwake. Akapanda kuchiona, waya wa mpanda womwewo amausandutsa khwekhwe.

Za kufunika kwa mpanda dziko linaphunziranso mowawa ku Kasungu. M'chaka cha 2022 njovu 263 zinatengedwa ku Liwonde kupita ku nkhalango ya Kasungu pamene ntchito ya mpanda kumeneko inali isanathe. M'miyezi yotsatira nyuzipepala zinalemba za minda yoonongeka ndi za anthu ophedwa ndi njovu, ku mbali ya Malawi ndi ku mbali ya Zambia yomwe. Wamalonda aliyense woganiza zoika chuma chake pafupi ndi nkhalango ayenera kuwerenga nkhani imeneyi kawiri, chifukwa mudzi umene ukulira maliro sungalandire alendo ake ndi nkhope yosekera. Ndondomeko yoyenera ndi yodziwika: uyambe mpanda ndi kumvana ndi mafumu, zitsatire nyama, ndipo nyumba za alendo zidze pambuyo. Palinso zilonda zakale zimene mlembi wa Boma sayenera kuziiwala, monga za mabanja amene anasamutsidwa pamene malire a Nyika ankafutukulidwa mu 1978. Adzukulu awo akaona galimoto ya alendo ikukwera phiri amakumbukira manda a makolo awo amene anatsala m'kati.

NDALAMA YA MLENDO IMATHERA KUTI?

Mlendo wochokera ku London kapena ku Johannesburg kawirikawiri amalipira ulendo wake asananyamuke, kudzera mwa amalonda a kwawo komweko, amene amadulapo gawo lawo. Gawo lina ndi la ndege. Akatsika pa Chileka amakwera galimoto ya kampani, nayenda makilomita pafupifupi 70 osaima, nalowa pa chipata. Ndalama ya pa chipata imathandiza kuyendetsa nkhalango, ngakhale payokha sinakwanepo kulipira zonse, kotero kuti abwenzi akunja amaonjezerapo chaka ndi chaka. Mudzi umene galimoto ija yaudutsa umatsala ndi fumbi.

Anthu ambiri amati yankho lake ndi ntchito zolembedwa. Ntchitozo zilipodi, ndipo banja limene lili ndi mwana wogwira ntchito ya ulonda, yokonza mpanda kapena yophika limasiyana ndi anzake. Koma tiyenera kunena zoona: malo ogona alendo a mtengo wapatali amakhala ndi zipinda zowerengeka, pakuti chimene mlendo wotere amagula ndi bata, ndipo zipinda zowerengeka sizingalembe anthu zikwizikwi amene azungulira Majete. Ndiponso funso silili pa chiwerengero chokha. Mkulu wa ntchito za anthu pa boma ayenera kufunsa kuti mwa olembedwawo ndi angati amene ali osesa ndi ochapa, ndipo ndi angati amene akwera kufika pa uphiki waukulu, pa kuperekeza alendo, pa kusunga mabuku a ndalama. Sukulu ya Malawi Institute of Tourism ili ku Blantyre, ndipo ya zankhalango ndi nyama ili ku Dedza. Kampani yofuna chilolezo ikhoza kuuzidwa, pangano lisanasainidwe, kuti itumizeko ana a m'midzi yoyandikana nayo chaka chilichonse.

Khomo lalikulu koposa ndi la kukhitchini. Mlendo amadya katatu pa tsiku, ndipo antchito omutumikira amadyanso. Komabe tomato, anyezi, mazira ndi nkhuku zambiri za m'malo otere zimagulidwa m'masitolo a mumzinda, n'kutsika nazo phiri pa galimoto. Sikuti woyang'anira khitchini amadana ndi mlimi wa pafupi. Iye amafuna munthu amene adzabweretsa muyeso womwewo Lolemba lililonse mosaphonya, amene adzalemba lisiti, ndiponso amene angathe kudikira malipiro a pamwezi kudzera ku banki. Mlimi mmodzi payekha sangathe zimenezi. Alimi makumi atatu okhala m'kopaletivi yolembetsedwa angathe. Apa ndi pamene mlangizi wa zaulimi ndi mkulu wa zamalonda pa khonsolo ali ndi ntchito yoposa kulemba malipoti.

Pali chopinga china chimene olemba mapulani mumzinda sachiona msanga. Alendo amachuluka m'chilimwe, kuyambira Meyi mpaka Okutobala, pamene udzu wauma ndipo nyama zasonkhana pa madzi. Imeneyo ndiyo nyengo yomwenso minda ya m'Chigwa cha Shire ili gwa, ndipo mlimi wodalira mvula alibe choti agulitse. Msika umatseguka pamene dengu lili lopanda kanthu. N'chifukwa chake ngalande yaikulu ya ulimi wothirira ya m'chigwachi, imene inakonzedwa kuti izitenga madzi pa Kapichira ndi kudutsa m'mphepete mwa Majete momwemo, iyenera kuganiziridwa pamodzi ndi ntchito yokopa alendo. Ngati pa minda yothiriridwayo padzapatulidwa malo a ndiwo zamasamba ndi zipatso, makhitchini a Majete ndi a Lengwe adzakhala ndi pogula pafupi. Zoyamba zilipo kale: alimi a njuchi a m'midzi yozungulira amagulitsa uchi wawo mothandizidwa ndi oyendetsa nkhalango, pa nyengo yake anthu amaloledwa kulowa kukamweta udzu wofolerera, ndipo ana ena amalipiriridwa sukulu. Zimenezi n'zoyamikika, koma mphatso imatha tsiku limene woperekayo watopa, pamene malonda amakhalapo malinga ngati wogula akufuna katunduyo.

MALO A PA CHIPATA

Nkhalango ikatchuka, nthaka ya pafupi ndi chipata imakwera mtengo, ndipo woyamba kudziwa zimenezi si mwini mudzi. Amabwera munthu wa mumzinda ndi ndalama zooneka zambiri pa tsikulo, nagula malo a m'mbali mwa mtsinje, nawasunga zaka zingapo kudikira wamalonda wamkulu. Amene anafikako ku mudzi wa Chembe ku Cape Maclear, umene uli m'kati mwa malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, anaona mmene nyumba za alendo zandandira pagombe, ndi mmene malo okocheza mabwato ndi oyanika usipa apanikizikira. Mudziwo wapindula ndi alendo, inde, koma mikangano ya malo kumeneko siinayambe dzulo.

Lamulo la malo a makolo la 2016 linakhazikitsa makomiti a malo m'midzi, kuti nkhani yotere isathere pakati pa nyakwawa ndi wogula awiriwiri. Lamulo la zachilengedwe la 2017 likufunanso kuti ntchito zikuluzikulu ziunikidwe zisanayambe, ndi kuti anthu okhudzidwa afunsidwe. Malamulo alipo, chotsala ndi mlembi wa malo amene adzafotokozera mudzi, m'chinenero chawo, kusiyana kwa kugulitsa ndi kubwereketsa. Wogulitsa amadya kamodzi. Wobwereketsa kwa zaka zowerengeka, pa mtengo wounikidwanso nthawi ndi nthawi, amasiyira ana ake nthaka pamodzi ndi lendi.

CHUMA CHIMENE CHILI KUNJA KWA MPANDA

Njovu ndi mikango mlendo akhoza kuziona ku Luangwa, ku Serengeti ndi ku Kruger, ndipo kumeneko n'zochuluka kuposa kuno. Chimene sangachipeze kwina ndi mbiri ndi miyambo ya anthu a m'Chigwa cha Shire, ndipo chimenechi chili m'manja mwa midzi. Pa mathithi a Kapichira ndi pamene sitima ya David Livingstone inalephera kupitirira mu Januwale 1859. Akololo amene anabwera naye kuchokera ku Zambezi anatsala m'chigwachi nakhala mafumu, ndipo maina a Kasisi, Katunga, Maseya ndi Mlilima akumveka kufikira lero. Pafupi ndi boma la Chikwawa, pamene panali mudzi wa Chibisa, pali manda a Scudamore ndi Dickinson, a mishoni ya UMCA, amene anamwalira mu 1863 atasamuka ku Magomero. Ndipo Richard Thornton, wodziwa za miyala amene anayenda ndi Livingstone, anaikidwa chaka chomwecho kufupi ndi mathithi aja.

Koma mbiri ya chigwachi siyambira pa Azungu. Iwo anapeza Amang'anja akulima thonje ndi kuomba nsalu, akusula makasu ndi kutcheza mchere, pansi pa ufumu wa Lundu umene ulipobe. Kumunsi, m'boma la Nsanje, kuli kachisi wa Mbona ku Khulubvi, m'nkhalango imene yasungika zaka mazana ambiri popanda waya kapena mfuti, chifukwa cha mwambo woletsa nkhwangwa kulowamo. Amene amaphunzitsa ana kuti kusamala chilengedwe ndi nzeru yobwera pa sitima angachite bwino kukaona mitengo imeneyo. Mlendo amene wamva zonsezi amagona usiku wina woonjezera, ndipo usiku woonjezerawo ndiwo phindu la dziko.

Tsono apa pafunika kusamala kwakukulu. Mwambo ukayamba kugulitsidwa, kawirikawiri wotsatsa malondawo si mwini wake. Galimoto imaima pamudzi, ana amaitanidwa kuti avine, alendo amajambula zithunzi, ndipo makobidi ochepa amaponyedwa m'mbale. Kumeneku ndi kuphunzitsa ana kupemphetsa. Magule monga utse ndi likhuba, ndi oimba valimba, angathe kuonetsedwa mwaulemu ngati gulu lenilenilo lili ndi atsogoleri ake, mtengo wake wogwirizana pasadakhale, tsiku lake lodziwika, ndi thumba limene mudzi wonse ukudziwa kumene likupita. Mtengowo ulembedwe pa pepala limodzi ndi mtengo wokaona nyama, kuti mlendo adziwe kuti akulipira ntchito ya akatswiri.

Gule Wamkulu ndi nkhani ina. Bungwe la UNESCO linamulengeza mu 2005 kukhala chimodzi cha chuma cha mtundu wonse wa anthu, ndipo chifukwa cha kutchukako alendo amamufunsa. Koma guleyu ali ndi eni ake ndi nthawi zake: maliro, chinamwali, kulonga mfumu. Zilipo zilombo zimene zingatuluke pa bwalo la chisangalalo, ndipo zilipo zimene sizituluka wamba. Wosiyanitsa zimenezi ndi mfumu ya mzinda pamodzi ndi akulu a kudambwe, ndipo mwini hotela kapena mkulu wa zokopa alendo alibepo mawu. Ku Mua, m'boma la Dedza, malo a Kungoni amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976 anasonyeza kuti mlendo amakhutira koposa akalongosoleredwa tanthauzo la zimene akuona. M'boma lomwelo muli mapanga a Chongoni, okhala ndi zojambula za Akafula ndi za Achewa pa malo 127, amene analowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006. Ena mwa mapangawo anadetsedwa ndi anthu olembapo maina awo ndi makala. Malo otchuka opanda woyang'anira wa pamudzi wolipidwa amaonongeka msanga kuposa malo osadziwika.

MLENDO NDI MAME

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, ndipo chaka cha 2020 chinatsimikiza mawuwo. Mliri wa Covid-19 utatseka mabwalo a ndege, malo ogona alendo anakhala pululu ndipo antchito ambiri anabwerera kumudzi. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula damu la magetsi la Kapichira ndi kudula misewu ya ku Chikwawa, ndipo mu Malichi 2023 namondwe Freddy anasakazanso chigawo cha kumwera. Mudzi umene ungasiye khasu chifukwa cha alendo udzalira tsiku lina. Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu 2021, amaika ntchito yokopa alendo pakati pa zotukula dziko, ndipo n'zoona. Koma iyenera kuyenda pambali pa ulimi, ikugula zimene ulimiwo watulutsa.

M'miyezi yovutayo amene anapitiriza kufika pa zipata anali anthu a m'dziko momwe muno. Mmalawi amalipira mtengo wotsika polowa m'nkhalango zimenezi, koma ndi antchito a Boma angati amene anatengako banja lawo pa tchuthi? Pali malo a malonda amene sanadzazidwe: nyumba zaukhondo za mtengo woti mphunzitsi kapena kalaliki angakwanitse, zokhala kunja kwa chipata, zophika nsima ndi nsomba za mu Shire. Malonda otere safuna mamiliyoni a kunja. Mmalawi wopuma pa ntchito, kapena gulu la pamudzi lokhala ndi malo akeake, angawayambe, ndipo ndalama yake yonse imazungulira m'boma lomwelo.

Kwa aphunzitsi kwatsala ntchito imene wina aliyense sangaigwire. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, limene linayamba mu 1947 ndi dzina lina, lakhala likulimbikitsa makalabu a zachilengedwe m'sukulu, ndipo ana ambiri a pafupi ndi Majete aona chipembere ndi maso awo chifukwa cha maulendo a sukulu. Koma operekeza alendo amene dziko likuwafuna ayenera kudziwa zoposa maina a mbalame m'Chingerezi. Nkhalamba zimene zikudziwa kumene kunali midzi yakale m'kati mwa nkhalango, mitengo imene inali ya nsembe, madooko a pa Shire ndi mibadwo ya mafumu a Chikololo ndi a Chimang'anja zikutha chaka ndi chaka. Mphunzitsi wa mbiri pa sekondale ya ku Chikwawa akhoza kutuma ophunzira ake, aliyense kwa agogo a kwawo, ndi kope ndi pensulo, pa tchuthi chimodzi chokha. Zolembedwazo zikasonkhanitsidwa ndi kuyesedwa pamaso pa mafumu, buku limodzi likhale pa sukulu, lina ku khonsolo, ndipo lina pa chipata cha Majete.